Sergey Ilyushin

Sergey Vladimirovich Ilyushin (30 Malichi 1894 – 9 Febuluwale 1977) anali injiniya wa ku Soviet Union amene ankajambula mapulani a ndege ndi kutsogolera ntchito yozipanga. Amadziwika kwambiri chifukwa cha ndege yankhondo ya Il-2, imene anthu ambiri amaitchula kuti Shturmovik, mawu a Chirasha otanthauza ndege yomenya adani amene ali pansi. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndege zimenezi zinapangidwa zoposa 36,000, ndipo palibe ndege ina yankhondo imene inapangidwapo yochuluka chotero. Nkhondo itatha, Ilyushin anapanga ndege zonyamula anthu monga Il-14, Il-18 ndi Il-62. Zilembo ziwiri za Il zimene zili kumayambiriro kwa mayina a ndege zonsezi zinatengedwa ku dzina lake. Achinyamata ambiri a masiku ano anayamba kumva dzinali kudzera mu gemu ya pa kompyuta yotchedwa IL-2 Sturmovik.

Ubwana wake

Ilyushin anabadwira m'mudzi wa Dilyalevo, m'chigawo cha Vologda kumpoto kwa Russia. Makolo ake anali alimi osauka ndipo iye anali chitsirizira m'banja la ana 11. Anaphunzira zaka zochepa chabe pa sukulu ya kumudzi. Ali ndi zaka 15 anachoka kwawo kukafuna maganyu. Anagwira ntchito m'mafakitale, anakumba ngalande pa malo omanga nyumba, ndiponso ankayeretsa mifuleni pa fakitale ina yopanga utoto wa nsalu ku Saint Petersburg.

Mu 1910 anapeza ganyu yosalaza bwalo la mpikisano wa mahatchi mumzinda womwewo. Chaka chimenecho bwaloli linakonzedwa kuti pachitikire chionetsero chachikulu cha ndege ndi mabaluni, choyamba cha mtundu wake ku Russia. Ilyushin anathandiza kutsitsa mabokosi amene munali zigawo za ndege, ndipo apa m'pamene anaona ndege koyamba ndi maso ake. Chionetsero chitatha anabwerera ku maganyu ake. Anayendetsapo ngolo yonyamula mkaka kwawo, anagwira ntchito yomanga njanji ya Amur kum'mawa kwenikweni kwa Russia, kenako anakagwira pa malo opangira sitima zapamadzi ku Tallinn.

Usilikali ndi maphunziro

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914, Ilyushin analembedwa usilikali. Chifukwa chodziwa kulemba, anamuika kukhala kalaliki ku ofesi ya asilikali ku Vologda. Kutabwera uthenga wofuna anthu okagwira ntchito ku gulu la ndege, iye anadzipereka. Anayamba ndi kutsuka ndege ndi kuthandiza amakaniko, kenako naye anakhala makaniko. Mu 1917 anakhoza mayeso oyendetsa ndege.

Boma la mfumu litagwa, Ilyushin analowa chipani cha Bolshevik mu 1918, ndipo mu 1919 analowa gulu lankhondo la Red Army ngati wokonza ndege. Chaka chomwecho anatsogolera anthu amene anaphwasula ndege ya ku Britain ya Avro 504, imene inalandidwa kwa adani, n'kuitumiza ku Moscow. Kumeneko akatswiri anaitengera popanga ndege yophunzitsira ya U-1.

Mu 1921 analowa sukulu ya mainjiniya a ndege ku Moscow, imene imadziwika ndi dzina la Zhukovsky. Ali pa sukuluyi ankapanga ndege zopanda injini, zouluka ndi mphepo yokha, ndipo zinkapikisana nawo ku Crimea. Anamaliza maphunziro mu 1926. Kwa zaka zisanu zotsatira anagwira ntchito mu komiti ya asilikali a ndege imene inkalemba zofunika pa ndege iliyonse yatsopano, monga liwiro lake, katundu amene inganyamule ndi mtunda umene ingauluke. Ntchito imeneyi inamuphunzitsa zimene asilikali amafuna pa ndege iye asanayambe kupanga zake.

Ndege zake zoyamba

Mu 1931 Ilyushin anapempha kuti amusamutsire ku ntchito yopanga ndege, ndipo anamutumiza ku bungwe lofufuza za ndege la TsAGI. Mu Januwale 1933 anasankhidwa kukhala mkulu wa ofesi yojambula mapulani pa fakitale nambala 39 ku Moscow. Ofesi imeneyi ndi imene inakula n'kukhala kampani ya Ilyushin.

Ndege yake yoyamba kutchuka inali DB-3, ya injini ziwiri, yoponya mabomba kutali. Woyesa ndege zake anali Vladimir Kokkinaki, amene anagwira naye ntchito kwa zaka zambiri. Mu Epulo 1939 Kokkinaki anauluka ndi ndege ya mtunduwu kuchokera ku Moscow osatera paliponse mpaka pa chilumba cha Miscou ku Canada. Mu Ogasiti 1941, ndege za DB-3 zinanyamuka pa chilumba cha Saaremaa n'kukaponya mabomba ku Berlin. Itakonzedwanso, ndegeyi inapatsidwa dzina loti Il-4.

Zaka zimenezi zinali zoopsa kwa mainjiniya a ku Soviet Union. Anzake odziwika monga Nikolai Polikarpov ndi Andrei Tupolev anamangidwapo ndi boma la Joseph Stalin ndipo ankajambula mapulani a ndege ali akaidi. Ilyushin sanamangidwepo. Mu 1938 anachita ngozi pamene kandege kamene ankayendetsa yekha popita ku Voronezh kanawonongeka injini, ndipo anatsala ndi chipsera pankhope moyo wake wonse.

Mmene Il-2 inayambira

Ndege youluka m'munsi kuti imenye asilikali, magalimoto ndi akasinja imakhala pafupi ndi mfuti zonse za adani. Akatswiri ambiri anayesapo kuiteteza pomata zitsulo zokhuthala pa thupi la ndege imene yapangidwa kale, koma ndegeyo inkalemera kwambiri moti inkauluka movutikira. Kumayambiriro kwa 1938, Ilyushin analembera kalata Stalin ndi atsogoleri ena yopempha kuti amuchotse pa udindo wa ku ofesi umene anali nawo ku unduna, kuti apange ndege imene iye ankaiyerekeza ndi kasinja wouluka.

Nzeru yake inali yoti chitsulo chotetezacho chikhale thupi lenileni la ndege. Kutsogolo konse kwa Il-2 kunali ngati bokosi lachitsulo lokhuthala mamilimita 4 mpaka 12, ndipo m'kati mwake munali injini, woyendetsa, thanki ya mafuta ndi zoziziritsira madzi a injini. Popeza bokosilo ndi limene linkanyamula kulemera kwa ndege, sipanafunikenso mafelemu ena m'kati. Chitsulochi chinkalemera makilogalamu pafupifupi 700.

Ndege yoyeserera yoyamba inauluka pa 2 Okutobala 1939 ndipo inali ya anthu awiri: woyendetsa, ndi msilikali wa mfuti woyang'ana kumbuyo. Onse awiri anali m'kati mwa bokosi lachitsulo. Koma injini yake ya AM-35 inapangidwira ndege zouluka m'mwamba kwambiri, choncho m'munsi inalibe mphamvu zokwanira. Liwiro ndi mtunda sizinafike pamene asilikali ankafuna. Pofuna kuthetsa vutoli, anaikamo injini ya AM-38, anachotsa mpando wa msilikali wa mfuti, ndipo pamalo pake anaikapo thanki ina ya mafuta. Ndege ya munthu mmodziyi inauluka pa 12 Okutobala 1940, ndipo ndi imene inayamba kupangidwa ku Voronezh kumayambiriro kwa 1941. Pamene Germany inkaukira Soviet Union pa 22 Juni 1941, ndege 249 zokha zinali zitapangidwa.

Zida zake

Il-2 inali ndi mizinga iwiri m'mapiko. Zoyambirira zinali ndi mizinga ya ShVAK ya mamilimita 20, kenako anayamba kuika ya VYa ya mamilimita 23, imene zipolopolo zake zinali zolemera ndi zothamanga kwambiri. Pambali pa mizingayo panali mfuti zachiwaya ziwiri za ShKAS za mamilimita 7.62. Ndegeyi inkanyamula mabomba olemera makilogalamu 400, ndipo ikadzazidwa kwambiri ankafika 600. Kunsi kwa mapiko ankamangirirako maroketi a RS-82 kapena RS-132.

Chida chilichonse chinali ndi pamene chinkathera mphamvu. Maroketi analibe chowawongolera, motero kumenya nawo kasinja mmodzi kunali kwa mwayi. Ankathandiza pa gulu la magalimoto kapena mizinga imene yaunjikana malo amodzi. Mizinga ya mamilimita 23 inkaboola magalimoto, sitima zapamtunda ndi akasinja aang'ono, koma inkalephera pa akasinja akuluakulu. Mu 1943 anayesa kuika mizinga ya NS-37 ya mamilimita 37. Mizingayi inali yamphamvu, koma iwiriyo sinkalira nthawi imodzi, ndiye inkagwedeza ndege uku ndi uku, ndipo woyendetsa ankangoombera zipolopolo ziwiri kapena zitatu asanaphonye.

Chida chimene chinathandiza kwambiri pa akasinja chinali timabomba ta PTAB, kalikonse kolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ndege imodzi inkanyamula timabomba pafupifupi 200 n'kutimwaza nthawi imodzi pamwamba pa mzere wa akasinja, pamene chitsulo chawo chimakhala chopyapyala. Tinagwiritsidwa ntchito koyamba pa nkhondo ya ku Kursk mu Julayi 1943, ndipo pambuyo pake asilikali a Germany anayamba kuyendetsa akasinja awo motalikirana.

Mphamvu ndi zofooka zake

Mphamvu yaikulu ya Il-2 inali kupirira. Zipolopolo za mfuti wamba ndi zidutswa za mabomba sizinkaboola bokosi lachitsulo, ndipo ndege zambiri zinkabwerera kwawo zili ndi mabowo m'mapiko ndi kumchira. Inkatha kutera pa mabwalo a dothi ndi a chipale, ndiponso sinali yovuta kwa anyamata amene angophunzira kuuluka kwa nthawi yochepa. Asilikali a Soviet ankaitchula kuti yalinunda chifukwa cha mmene malo a woyendetsa anatukukira pamsana pake, pamene a Germany ankaiyerekeza ndi ndege ya simenti.

Chitsulo chomwecho chinabweretsa mavuto ake. Ndegeyi inali yolemera, inkakwera m'mwamba pang'onopang'ono, ndipo liwiro lake linkangopitirira pang'ono makilomita 400 pa ola, pamene Messerschmitt Bf 109 ya Germany ikakhala m'mwamba inkapitirira 600. Kumbuyo kwa thupi lake ndi kumapeto kwa mapiko nthawi zambiri kunkapangidwa ndi matabwa chifukwa cha kuchepa kwa aluminiyamu, ndipo mizinga inkatha kudula mchira wonse. Kunsi kwa mimba yake kunali choziziritsira oyilo chimene chinatulukira kunja. Oyendetsa ndege a Germany odziwa ntchito, monga Erich Hartmann, ankazembera Il-2 kuchokera kumbuyo chakumunsi n'kumenya pamenepo, chifukwa oyilo akatha injini inkaima. Mizinga ya pansi ya mamilimita 20 ndi 37 nayonso inkaboola chitsulo chija.

Vuto lalikulu kuposa onse linali kumbuyo kopanda mlonda. M'miyezi yoyamba ya nkhondo, gulu loyamba kumenya nkhondo ndi ndegezi linali ndi ndege 65, koma pofika pakati pa Julayi 1941 linatsala ndi pafupifupi 10. Ena mwa oyendetsa anali asanaombepo mizinga ya ndegeyi ngakhale kamodzi asanapite kunkhondo. Amakaniko a m'magulu ena anayamba kuboola okha msana wa ndege kumbuyo kwa woyendetsa, n'kuikamo munthu wokhala pa lamba wa chinsalu atagwira mfuti.

Chakumapeto kwa 1942, mafakitale anayamba kutulutsa Il-2 ya anthu awiri, yokhala ndi mfuti ya UBT ya mamilimita 12.7 kumbuyo. Koma pofuna kuti ntchito m'mafakitale isaime, bokosi lachitsulo sanalitalikitse. Msilikali wa mfuti anakhala kunja kwa bokosilo, atatetezedwa ndi chitsulo chimodzi cha mamilimita 6 chakumchira, ndipo m'mbali ndi pansi analibe chomutchinga chokwanira. Ndege zowomberedwa ndi ndege zinzake zinachepa, koma asilikali a mfuti ankafa ndi kuvulala kwambiri kuposa oyendetsa. Kuwonjezera apo, kulemera kwa munthu wachiwiri kunakokera ndege kumbuyo, moti inkavuta kuiwongolera poombera. Vutoli linatha pamene Ilyushin anapendeketsera kumbuyo mapeto a mapiko, ndipo ndege zoterezi zinachuluka mu 1944. Msilikali wa mfuti anabwereranso m'kati mwa bokosi lachitsulo pa ndege ya Il-10, imene inayamba kupangidwa mu 1944. Pa nkhondo yonse, ndege za Il-2 zoposa 10,000 zinagwetsedwa.

Oyendetsa nawonso anapeza njira zobisira zofooka za ndege yawo. Imodzi inali youluka mozungulira pamwamba pa adani, ndege iliyonse ikutsika kukamenya nthawi yake ikakwana, pamene yotsatira ikulondera mchira wa inzake. Ena mwa anthu odziwika amene anayendetsa Il-2 ndi Anna Yegorova, mmodzi wa akazi ochepa amene anamenya nkhondo ndi ndegeyi, ndi Georgy Beregovoy, amene mu 1968 anapita m'mlengalenga ndi chombo cha Soyuz 3.

Ntchito ya m'mafakitale

Asilikali a Germany atayandikira chakumapeto kwa 1941, mafakitale a ku Voronezh ndi Moscow anapakiridwa pa sitima zapamtunda n'kusamutsidwira ku Kuibyshev, mzinda umene lero umatchedwa Samara. Anthu anayamba ntchito m'nyumba zimene zina zinali zisanafoleredwe, nyengo yozizira kwambiri ili m'kati. Mu Disembala 1941 Stalin anatumiza uthenga waukali kwa akuluakulu a mafakitale awiri a kumeneko, wowadzudzula kuti akuchedwetsa ntchito, ndipo anayerekeza kufunika kwa Il-2 kwa asilikali ndi kufunika kwa mpweya ndi chakudya. Ilyushin ankaonetsetsa kuti kusintha kulikonse pa ndegeyi kusaimitse mzere wopangira. Ichi ndi chifukwa china chimene ndegezi zinachulukira, komanso chimene msilikali wa mfuti anadikira nthawi yaitali asanatetezedwe. Germany inalinso ndi ndege yake yokhala ndi chitsulo choteteza, ya Henschel Hs 129, koma inapanga zosakwana 900.

Nkhondo itatha

Nkhondo isanathe, Ilyushin anali atayamba kale kujambula ndege yonyamula anthu. Il-12 inauluka koyamba mu 1945 ndipo Il-14 inatsatira mu 1950. Mu 1948 anatulutsa Il-28, ndege ya jeti yoponya mabomba, imene inapangidwa yoposa 6,000 ndipo inagulitsidwa ku mayiko ambiri. Inali pakati pa zida zimene Soviet Union inatumiza ku Cuba mu 1962, ndipo boma la Nigeria linaigwiritsa ntchito pa nkhondo ya Biafra.

Il-18, ya injini zinayi, inauluka koyamba mu 1957 ndipo inatumikira kampani ya Aeroflot kwa zaka zambiri. Mayiko ena a mu Africa amene anali atangolandira ufulu, monga Ghana, Guinea ndi Mali, anagula ndegeyi. Ndege yomaliza yaikulu imene iye anatsogolera mpaka kumapeto inali Il-62, yokhala ndi injini zinayi za jeti kumchira. Inauluka koyamba mu 1963 ndipo inayamba kunyamula anthu pa maulendo ataliatali mu 1967.

Ukalamba ndi imfa yake

Ilyushin anapuma pa ntchito mu 1970 chifukwa cha matenda, ndipo udindo wake anausiyira Genrikh Novozhilov, amene anakulira m'manja mwake pa ntchito. Ndege yonyamula katundu ya Il-76, imene mpaka lero imagwiritsidwa ntchito ponyamula chakudya ndi thandizo lina m'mayiko a mu Africa, inauluka koyamba mu 1971 motsogozedwa ndi Novozhilov.

Boma linamupatsa ulemu wa Hero of Socialist Labour katatu, mu 1941, 1957 ndi 1974. Analandira mphoto ya Stalin kasanu ndi kawiri ndi mphoto ya Lenin mu 1960. Anali phungu wa nyumba ya malamulo ya Soviet Union kuyambira 1937 mpaka 1970, ndipo mu 1968 anasankhidwa kukhala membala wa bungwe lalikulu la asayansi la dzikolo. Mwana wake, Vladimir Ilyushin, anakhala woyesa ndege wotchuka pa kampani ya Sukhoi. Sergey Ilyushin anamwalira ku Moscow pa 9 Febuluwale 1977 ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda a Novodevichy. Mumzinda wa Samara muli ndege yeniyeni ya Il-2 imene inaimikidwa pamphambano ngati chikumbutso cha anthu amene ankaipanga ndi kuiyendetsa.

Dzina lake m'magemu a pa kompyuta

Mu 2001, gulu la ku Russia lotsogoleredwa ndi Oleg Maddox, mothandizana ndi kampani ya 1C, linatulutsa gemu ya IL-2 Sturmovik, imene kunja kwa Russia inafalitsidwa ndi Ubisoft. Wosewera amakhala ngati ali pa mpando wa woyendetsa ndege pa nkhondo ya pakati pa Germany ndi Soviet Union. Magemu ambiri a ndege a m'mbuyomo ankakamba za nkhondo ya ku Britain kapena ya kunyanja ya Pacific, choncho iyi inadziwitsa anthu a mayiko ena za ndege za Soviet. Inatsatiridwa ndi magawo ena monga Forgotten Battles mu 2003, Pacific Fighters mu 2004 ndi 1946 mu 2006, ndipo mu 2014 kunatuluka Battle of Stalingrad.

Opanga magemuwa anayesetsa kutsanzira mmene ndege iliyonse inkaulukira, zida zake ndi malo amene inkavulalira. Wosewera amene wasankha Il-2 amakumana ndi zimene Ilyushin ndi asilikali a nthawi yake anakumana nazo. Ayenera kusankha pakati pa mabomba ambiri ndi ndege yopepuka, ayenera kuulukira m'munsi, ndipo sangathawe Bf 109 ndi liwiro. Wosewera amene wasankha ndege ya Germany amaona kuti zipolopolo zing'onozing'ono sizichita kanthu kutsogolo kwa Il-2, ndipo amaphunzira kuloza mchira, mapiko kapena choziziritsira oyilo. Kusiyana kwa Il-2 ya munthu mmodzi ya 1941 ndi ya anthu awiri ya 1943 kumaonekanso m'magemuwa, chifukwa mitundu yonse iwiri ilimo.